Musabise Misampha, Achimwene

Oldbury, England
14 Juni 2009

Okondedwa achimwene a Levison,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa onse ku Kachulu. Kodi chifuwa chija chimene chimakugwirani mukakhalitsa m'madzi nthawi yozizira chakulekani chaka chino? Nanga amayi, miyendo ikuwalola kufika kutchalitchi? Pafoni amangoti ali bwino, koma amayi aja ngakhale atathyoka mwendo akhoza kunena kuti ali bwino, ndiye ndikufuna ndimve kwa inu. Kuno tonse tadzuka bwino, ine, bambo a Melissa ndi Melissa mwiniwake. Dzuwa lakumbukira kuti kunonso kuli anthu, moti masiku ano likumalowa ife titatsuka kale mbale.

Pa nkhani za kuno nditsogoze yabwino kuti mtima wanu ukhale m'malo. Tikubwera mu Ogasiti, tonse atatu. Ndalemba kuti atatu ndikumwetulira ndekha, chifukwa masabata apitawa tinatsala pang'ono kubwera awiri. Mwana wanu Melissa analumbira kuti ku Malawi sapondako, ndipo amalume ake sadzawapatsa moni. Mwana woti anachoka kwathu ali ndi zaka zinayi, lero watha kutalika kuposa ine, agogo ake akumudikira tsiku ndi tsiku, n'kumati sabwera. Ndipo chinayambitsa zonsezi ndi mbalame zanu zija. Musadandaule, zatha bwino. Koma ndikufuna mumve mmene zinayendera, chifukwa kumapeto kuno ndili ndi pempho.

Mbalamezo zinafika. Mayi Liness, amene munawapatsira phukusi ku Zomba, anandiimbira atangolowa m'nyumba kuti ndipite kwawo ku Sparkhill ndikatenge katundu wanga asananunkhitse zovala zawo zonse. Akuti anazikulunga m'zitenje n'kuzibisa pakati pa nsapato, ndipo pabwalo la ndege galu wofufuza katundu atadutsa pafupi ndi iwo, anayamba kupemphera mapemphero onse amene amawadziwa. Akuti sadzanyamulanso nyama ya munthu ngakhale mutawagwadira. Akunena zoona, malamulo a kuno salola, choncho phukusi limeneli likhale lomaliza.

Nditatsegula pepala m'khitchini mwawo, fungo la utsi wa ku Chilwa linadzaza ponseponse. Anadititi owamba bwino, ouma mpaka kulira m'manja, ndi achipiyo awiri pamwamba. Ndinagwetsa misozi, a Liness n'kumandiseka kuti ndikulirira ndiwo. Tsiku limenelo Melissa anakagona kwa mnzake Shanice, ndiye tinadya awiriwiri ndi bambo a Melissa, ndipo iwo sanasiye ngakhale fupa. Zotsala ndinaziika pansi penipeni m'firiji kuti ndidzaphike tsiku lalikulu. Melissa ankadziwa kuti amalume ake ndi munthu wa kunyanja, koma mumtima mwake ankakuyesani msodzi. Ine sindinamubisire, kungoti sanafunsepo.

Nthawi yomweyo kusukulu kwawo anawapatsa ntchito yoti aliyense afufuze za munthu wakale amene anaimirira anthu oponderezedwa. Melissa anasankha mayi wina wachizungu wa ku America, wolemba mabuku, amene anakhalako zaka zana zapitazo. Dzina lake ndi lalitali, lilime langa limakana. M'nyumba monse munadzaza mapepala, guluu ndi zithunzi. Ankandifotokozera nkhani yake ine ndikusita yunifolomu, kapena ndikuwodzera nditachoka kuchipatala ku Wolverhampton, ndipo ndinkangoti eya, eya. Chimene ndinatolapo n'chakuti kuli anthu otchedwa Aseminole amene ankafuna kulandidwa malo, ndipo mayiyo anawaimirira. Za mbalame sindinamve n'komwe.

Ndiye linafika tsiku loti ana akafotokoze zimene apeza pamaso pa makolo, ndipo asukulu anati banja lililonse libwere ndi chakudya cha kwawo choti anthu alawe. Achimwene, inuyo mukanapita ndi chiyani? Mandazi aliyense amapanga. Ine ndinati mwana wanga sachita manyazi pakati pa anzake, ndimupititsira chinthu chimene munthu aliyense m'holo imeneyo sanalawepo chibadwire. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndinaviika anadititi aja, n'kuwakazinga ndi anyezi, tomato ndi tsabola pang'ono. Mitu ndi miyendo ndinazisiya pompo monga timachitira kwathu. Ndinavala chitenje changa chabwino n'kukwera basi, mbale ili pamiyendo.

Basi inachedwa, ndipo ndinapeza anthu atakhala kale. Mwana aliyense anali ndi tebulo lake, kumbuyo kwake bolodi la zithunzi, ndipo chakudya cha banja chinkaikidwa patebulo la mwanayo. Melissa anali kutsogolo pamzere wa oyankhula. Ndinapeza tebulo lake, ndinavundukula mbale, n'kuiika bwinobwino pakati penipeni.

Nditakweza maso ndinaona chithunzi chakale chopanda mitundu. Mwamuna waima kumbuyo kwa bwato losema, m'manja muli mtengo wautali wokankhira, ndipo mbali zonse ndi udzu wam'madzi mpaka pomwe maso alekezera. Kaimidwe kake, phazi limodzi kutsogolo, khosi litapendekeka pang'ono, ndi inuyo ndendende mukamatuluka m'njedza, udzu wautali uja wa m'madzi a Chilwa. Pachithunzi china panali kanyumba ka denga la masamba kopanda makoma, kokwezedwa pamitengo, kofanana ndi chimbowera chanu chija mumagonamo pamadzi. Ndinasangalala kwambiri. Ndinati mwana wanga wayenda mpaka ku America m'mabuku n'kukapeza kwathu.

Aphunzitsi ake atabwera kudzandipatsa moni, chimwemwe chinanditsegula pakamwa. Ndinawauza m'Chingerezi changa cha pa Sande kuti munthu wa pachithunziyo ali ngati mchimwene wanga, kuti inunso mumakhala m'dambo lotere, ndipo mbalame zili m'mbalezi munazitchera nokha ndi manja anu. Ndinawonjezanso kuti tsiku labwino mumadzaza dengu. Aphunzitsiwo anayang'ana mbale, anayang'ana ine, nkhope n'kufiira, ndipo anati n'zochititsa chidwi. Kuno munthu akati n'zochititsa chidwi nkhope itafiira, dziwani kuti zinthu zavuta. Ine ndinangoganiza kuti akuopa tsabola.

Kenako anaitana Melissa. Achimwene, mukanamuona. Anaima chilili osagwira pepala, mawu akumveka mpaka kumbuyo. Anafotokoza kuti kalekale asilikali anathamangitsa Aseminole ambiri kuwapititsa kutali, koma ochepa anakana, n'kukabisala m'dambo lalikulu la ku Florida kumene asilikaliwo analephera kuwatulutsa. Patapita zaka kunabwera anthu okumba ngalande kuti aumitse dambolo, agulitse malo, ndipo eni ake analibe pepala lililonse lonena kuti malowo ndi awo. Mayi uja ndi amene analemba buku lowadziwitsa kwa anthu, n'kumalemba makalata ku manyuzipepala ndi kwa akuluakulu a boma chaka ndi chaka osatopa, mpaka boma linapatula malo n'kuti awa ndi a Aseminole. Anali munthu wodwaladwala, koma cholembera sanachiike pansi. Ine pampando ndinkangotukumuka, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti anthu adziwe kuti mwanayo ndi wanga.

Kenako anatembenukira ku mbali imene ine sindinaimve m'nyumba. Anati m'dambo lomwelo munali akakowa osawerengeka, ndipo alenje ankawaombera chifukwa cha nthenga zokha, zokakongoletsera zipewa za amayi olemera a m'mizinda, ngakhale a kuno ku England. Ankawapha nthawi yoswa, popeza ndi pamene nthengazo zimakongola, ndipo anapiye ankafa ndi njala m'zisa. Mayi uja analembanso za zimenezi mokwiya, mpaka ankasunga akakowa pabwalo la nyumba yake. Melissa anamaliza ndi mawu akuti munthu wopha mbalame ya m'dambo akupha dambo lonse, ndipo anapempha aliyense kuti apite patebulo lake akaone zithunzi.

Apa m'pamene ndinakumbukira mbale yanga. Ndinayesa kudzuka kuti ndikabise mbale, koma chitenje chinakola pampando, ndipo pofika ine anthu anali atazungulira kale. Pamwamba penipeni pa mbale yanga panali chithunzi chimene sindinachione poyamba, cha anapiye atayasamula kukamwa m'chisa, mayi wawo atagwa pansi. M'munsi mwake anadititi anu, miyendo ili m'mwamba, akunyezimira mafuta. Mnyamata wina dzina lake Aiden ananyamula mmodzi pamwendo n'kufunsa mokweza ngati izinso zili mbali ya chionetsero. Ana onse anafa nacho chiseko.

Melissa anadutsa pakati pawo n'kuyang'ana. Mbaleyo anaidziwa, ndi ija ya maluwa ofiira imene timaikamo ndiwo pa Khirisimasi. Sanalire. Anangondifunsa chapansipansi m'Chingerezi ngati ndine ndabweretsa. Ndisanayankhe, aphunzitsi aja pofuna kukonza zinthu anamuuza kuti asadandaule, ndi chikhalidwe cha kwawo, ndipo amalume ake ndi amene anazitchera okha.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anandichotsako manyazi. Ndi a Albert, agogo ake aamuna a Shanice, mkulu wochokera ku Jamaica amene anakalambira m'fakitale yosungunula zitsulo konkuno. Anatenga nadititi mmodzi, anatafuna ndi mafupa omwe, anatsinzina, n'kunena kuti chichokereni kwawo sanalaweponso mbalame ya kutchire. Anatenga wina, kenako wina, ndipo awiri anawakulunga m'kapepala n'kuika m'thumba la jekete. Akunyambita zala anayandikira chithunzi cha bwato chija, anachiyang'anitsitsa, n'kufunsa Melissa kuti kodi anthu ake a m'dambowa ankadya chiyani. Sankafuna kumupsetsa mtima, ankangofuna kudziwa monga munthu wokonda kudya. Melissa anangotenga chikwama chake n'kutuluka.

M'basi anakhala kutali ndi ine. Titafika kunyumba anatsitsa chithunzi chanu chimene chimakhala pabalaza, chija munajambulitsa padoko mutagwira bwato, n'kuchiika m'kabati. Anati ku Malawi tipite tokha, iye sangakagwire chanza munthu wopha mbalame. Ndinamuuza kuti malume kwathu si munthu wamba. Ndinati ndinu mwini mbumba, kuti tsiku limene adzapeze banja woyankhula ndi inuyo, ndiponso kuti bambo athu atamwalira munasiya sukulu n'kulowa m'njedza kuti ine ndifike pamene ndili. Anandiyankha m'Chingerezi kuti iye sanapemphe mbalame iliyonse kuti imufere, ndipo alibe mwini wake. Ndinamukalipira, iye n'kumenyetsa chitseko.

Ndinapsa mtima, ndinachita manyazi, koma chachikulu ndinachita mantha. Ana a kuno akatembenuka sutha kuwakoka ndi dzanja. Ndaona ana a anzathu akutchalitchi amene akamva mawu akuti kumudzi amangovala zomvera nyimbo m'makutu, ndipo ndinati wanganso wapita choncho, ndine ndamukankha ndi mbale ya ndiwo. Ndinkaganiza za amayi amene pafoni iliyonse amafunsa kuti mwanayo wafika pati kutalika, ndiye ndikatsike basi pa Kachulu ndili ndekha ndi mwamuna wanga, ndikawauze chiyani.

Bambo a Melissa sanandithandize n'komwe. Atabwera kuchokera kuntchito kwawo kosungira katundu n'kumva nkhani yonse, anaseka mpaka kukhala pansi pamasitepe. Chimene chinawapweteka n'chakuti mbalame zomaliza zinadyedwa ndi a Albert iwo osalawako. Anati ndimusiye mwanayo, khosi louma limeneli si la kwawo ku Dedza, ndi la ku Kachulu, ndipo limafewa lokha likafuna. Amayi akutchalitchi ena anati ndimukweze ndege mokakamiza, ena anati tisale kudya. A Liness anati akapitiriza kukana akhoza kutsala kwawo, ndipo mawu amenewo, ngakhale anali achifundo, anandipweteka kuposa onse.

Masabata angapo m'nyumba munali zii. Melissa anasiya nyama yonse, ngakhale nkhuku ya m'sitolo, n'kumadya nyemba ndi buledi. Akafuna kundiuza kanthu ankadzera kwa bambo ake ine ndili pomwepo. Pamwamba pa zimenezi makina otenthetsa madzi anawonongeka, mwini nyumba n'kumangolonjeza, moti tinkasamba madzi a m'ketulo monga ku Zomba kale. Tsopano awakonza.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti funso la a Albert linamukhala pamtima. Shanice ankamuseka nalo tsiku ndi tsiku kusukulu. Ndiye mwana wanu, pofuna kuwatseka pakamwa, anayamba kudzera ku laibulale pochoka kusukulu kuti akapeze umboni woti Aseminole ankadya nsomba ndi maungu basi.

Loweruka lina masana ndikudula kabichi, analowa m'khitchini n'kuponya mabuku patebulo. Anayankhula ndi ine mwachindunji koyamba chichitikireni za mbale zija, ndipo anali wokwiya ngati kuti mabukuwo ndinalemba ndine. Anati anthu ake aja ankasaka. Ankapha agwape, ng'ona, akamba ndi mbalame zomwe. Anati choipitsitsa n'chakuti ena mwa iwo ankagulitsanso nthenga kwa amalonda kuti apeze nsalu, mchere ndi zipolopolo. Ndipo mayi uja ankadziwa zonsezi, komabe ankawalandira kunyumba kwake, ankadya nawo, n'kumawamenyera nkhondo ya malo. Melissa anati sakumvetsa kuti munthu angalirire bwanji akakowa m'mawa, madzulo n'kumadya ndi alenje.

Ine ndinapitiriza kudula kabichi. Ndaphunzira kuti mwana ameneyu akamalimbana ndi mutu wake usamuthandize.

Anatsegula buku lina n'kunena kuti pali chinanso chimene chamukwiyitsa kuposa pamenepo. Malo aja amene mayiyo anawavutikira zaka zonse zija, patapita nthawi anawatenga n'kuwasandutsa nkhalango yotetezera nyama, anthu n'kuwapatsa malo kwina. Anati ndiye kuti mbalame zinatsala, koma eni dambo anauzidwa kuti asamuke, ndipo sakukhulupirira kuti mayi uja ankafuna zimenezo. Anatola tsamba la kabichi n'kumasewera nalo. Kenako anandifunsa ngati dambo limene amalume amatcheramo ndi lawo, ndiponso ngati munthu wina akhoza kubwera kudzawachotsa.

Ndinamuyankha zimene ndikudziwa, ndipo sindinakudzozeni mafuta. Ndinati inde mumapha mbalame, zina mumadya, zina mumagulitsa. Ndinamuuza za chaka chija nyanja inaphwa iye asanabadwe, nsomba zitatha, mmene mudzi wonse unapulumukira ndi mbalame. Ndinamuuzanso zimene munandiuza pafoni, kuti mbalame zachepa, kuti dengu limene munkadzaza kale lero silifika theka. Ndinafotokoza za kalabu imene munayambitsa ndi alenje anzanu, kuti munatseka mbali ina ya njedza kumene mbalame zimaikira mazira, ndi kuti mpaka munayambana ndi msuweni wathu chifukwa cholowamo mobisa. Ndinati ena amamvera, ena samvera, ndipo pepala lonena kuti dambo ndi lanu sindinalionepo.

Anafunsa kuti ndani amalemba za zimenezi. Ndinati kumabwera alendo apagalimoto, amawerenga mbalame, amafunsa mafunso n'kupita, koma zimene amalembazo ku Kachulu sizibwerera. Anati ndiye alemba iyeyo, monga mayi uja. Ndinamuuza kuti apite pang'onopang'ono, chifukwa amalume ake ali ndi pakamwa pawo, ndipo pakatseguka sipatsekeka msanga. Anaseka, achimwene. Anayesa kubisa koma anaseka. Anati ndiye ayamba wafunsa kaye mwini pakamwayo. Koma za ulendo sananene kanthu, ndipo ine ndinaopa kufunsa.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi anatiumiriza kuti tipite ku Sandwell Valley, pafupi ndi West Bromwich, kumene kuli thawale ndi bango. Kumeneko anthu amalowa m'kanyumba ka matabwa, amakhala pabenchi, n'kumayang'ana mbalame ndi magalasi oonera patali osayankhula ngakhale liwu limodzi. Bambo a Melissa anandinong'oneza kuti sanaonepo anthu akuyang'ana ndiwo mwaulemu chonchi. Munali abakha, atsekwe ndi tina tofanana ndi anadititi tikuyenda m'mphepete mwa bango mosaopa munthu. Manja anu akanayabwa.

Ndiye kutsidya kunatera mbalame yoyera mbee, miyendo yakuda, ikuyenda monyada m'madzi osaya. Ndinaiwala lamulo la m'kanyumbako n'kunena mokweza kuti kakowa. Azibambo achikulire onse anatembenuka kundiyang'ana, mmodzi chala chili pakamwa. Wina anatinong'oneza kuti kale mbalame imeneyi kuno kunalibe, yangoyamba kuoneka zaka zino. Ndinati mumtima, nayenso ndi wobwera ngati ife.

Melissa anandigwira mkono n'kundipempha kuti ndinenenso dzinalo. Ndinanena, iye n'kubwereza kangapo mpaka analitchula bwino. Mawu achichewa amene amawadziwa ndi amene ndinamukakamiza, koma limeneli anapempha yekha. Akuyang'anabe m'magalasi anandifunsa ngati amalume amatcheranso akakowa. Ndinati ine m'dengu mwanu sindinamuonemo kakowa, koma sindingalumbire, ayenera kukufunsani yekha. Anayankha osachotsa maso pambalameyo kuti chabwino, akakufunsani mu Ogasiti.

Ndi mmene ndinamvera kuti akubwera. Bambo ake anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, ine n'kuwatsina pantchafu kuti angaononge zinthu. Tinakhala pabenchipo atatu tikuyang'ana kakowa akusaka tinsomba, ine misozi ikutsika, azibambo aja n'kumaganiza kuti ndimakonda mbalame kwambiri.

Tsopano m'nyumba muli phokoso lokoma. Chithunzi chanu chabwerera pakhoma, ndipo pambali pake wamata chija cha mwamuna wa Chiseminole m'bwato. Aliyense wolowa amafunsa ngati ndi pachibale. Bambo ake amugulira kawailesi kojambulira mawu, ndipo tsiku lililonse akundivutitsa kuti ndimuphunzitse kupereka moni kwa akuluakulu. Kugwada akuyesa, koma akafika pansi amagwira mpando kuti adzuke, ndiye amayi asadzamuseke kwambiri. A Albert atuma Shanice kawiri konse kudzafunsa ngati m'firiji munatsala kanthu.

Musaganize kuti wasintha maganizo onse. Mbalame sadya ndipo sadzadya, choncho alamu akamupatsa n'kukana asadzaone ngati mwano. Nyemba, matemba ndi mpunga wanu adzadya. Adzakutsutsaninso, ndikukuchenjezani. Wakonza kale mafunso ovuta, ndipo sasiya munthu asanayankhe. Inunso simusiya, ndiye ine ndidzakhala patali ndi amayi tikumvetsera.

Pempho langa ndi ili. Ndimakudziwani, achimwene. Tsiku lija a kwawo kwa bambo a Melissa anabwera kudzaonekera, munabisa misampha ndi ulimbo kuseri kwa nkhokwe, munavala jekete padzuwa la Okutobala, n'kuwauza kuti ndinu mlimi wa mpunga basi. Mukawerenga kalatayi mudzafuna kuchitanso zomwezo, poopa kukhumudwitsa mwana wa ku Ulaya. Chonde musatero. Misampha muisiye pakhonde pomwe imakhala. Dengu likhale pamalo pake, nthenga zili momwemo. Mudzamutenge m'bwato, mudzamulowetse m'njedza, mudzamuonetse kumene mumatchera ndi kumene munatseka, ndipo akafunsa chifukwa chake mbalame zachepa mudzamuuze zoona, ngakhale pamene zoonazo zikukhudza inuyo. Anatsala pang'ono kukukanani asanakuoneni. Tsopano akubwera akudziwa ntchito yanu, ndipo akapeza mlimi wa mpunga wovala jekete adzadziwa kuti tamunamiza tonse. Ndikufuna akapeze mchimwene wanga amene anandilera, mmene alili.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mdzukulu wawo wawapitirira ndi mutu wonse ndipo akubwera kudzawaonetsa. Moni kwa alamu anga ndi ana onse, kwa azakhali ku Domasi, ndi kwa msuweni wathu uja wolowa m'njedza mobisa, mumuuze kuti kukubwera wapolisi wa zaka khumi ndi zitatu. Bambo a Melissa akuti moni wambiri, ndipo akuti iwo alibe mlandu ndi mbalame, muwasungire zawo. Mulungu akusungeni pamadzi ndi pamtunda mpaka tionane.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Mildred

Melissa wakana kuti ndimate envelopu. Walanda cholembera, ndipo mawu ali m'munsiwa wawafunsa limodzilimodzi kwa bambo ake, koma dzanja ndi lake.

Amalume, ndine Melissa, wa mbumba yanu. Mbalame sindidya. Bwato ndikwera. Mundisungire malo kutsogolo.